Keke ya Mizere ya Tisunge

Loweruka, pa 21 Disembala 2024, Tisunge anaphika keke yake yoyamba. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala m'tauni, kudera la Mpopoma, ndi amayi ake.

Tsiku lomwelo atate ake ankabwera kuchokera ku Joni. Anali atakhala kumeneko zaka ziwiri.

Kuseri kwa chitseko kunali jezi ya mpira ya atate. Mzere woyera, mzere wakuda. Mzere woyera, mzere wakuda. Kwa zaka ziwiri palibe anaivala.

Tisunge ankafuna keke yofanana ndi jeziyo. Ankafuna mizere kunja. Ankafuna mizere mkati.

Amayi anavomera. Anatulutsa mazira anayi. M'nyumba munali mazira anayi okhawo. Anatulutsanso fulawa, shuga, mkaka ndi mafuta.

Tisunge anaswa mazira. Amayi anasakaniza zonse. Kenako anagawa phala la kekelo m'mbale ziwiri. M'mbale ina anathira vanila. M'mbale ina anathira ufa wa koko. Phala lina linali loyera. Phala lina linali lakuda.

Amayi anaika thini yophikira patebulo.

"Supuni yoyera pakati," anatero amayi. "Supuni yakuda pamwamba pake. Koma osatakasa."

"Yebo, amayi," anavomera Tisunge.

Supuni yoyera, supuni yakuda. Supuni yoyera, supuni yakuda. M'thini munayamba kuoneka mizere yozungulira. Tisunge anaiwerenga. Inakwana khumi ndi iwiri.

Kugeti kunamveka kuitana. Anali NaThabani, mayi wa nyumba yoyandikana nayo. Amayi anatuluka kukamuona.

Tisunge anatsala yekha ndi supuni m'manja.

M'mawa uliwonse Tisunge ankatakasa phala. Amayi anamuphunzitsa okha. Phala losatakasa limachita mibulu. Ndipo m'thinimo munali kambulu kamodzi, cha m'mphepete.

Dzanja la Tisunge linakumbukira ntchito yake. Supuni inalowa. Inazungulira kamodzi. Inazungulira kawiri.

Tisunge anaima. Mbali imodzi mizere inali itapindika.

Amayi atalowa anamupeza akulira. Anayang'ana m'thini. Anayang'ana supuni. Sanakalipe.

Tisunge anapempha kuti ayambirenso. Amayi anamuonetsa makoko a mazira anayi aja. Mazira ena panalibe. Koko nayenso anali atatha.

"Atate sadzaikonda," anatero Tisunge.

"Tiiphike kaye," anatero amayi. "Keke imaoneka bwino akaidula."

Keke inakhala mu uvuni mphindi makumi anayi. Tisunge anakhala pampando pafupi. Fungo la chokoleti linafika mpaka kugeti.

Keke inapsa. Keke inazizira. Kunja kwake kunali kofiirira konsekonse. Zamkati sizinkaoneka.

Amayi anapaka kirimu woyera pamwamba. Kenako anathira chokoleti chosungunula m'kapulasitiki. Anadula kakona kake ndi lumo. Anapatsa Tisunge.

Tisunge anafinya pang'onopang'ono. Mzere wakuda. Anasiya mpata woyera. Mzere wakuda. Anasiya mpata woyera. Lilime lake linali panja.

Kunja mizere inawongoka. Koma mkati?

Nthawi ya 4 koloko kombi yonyamula anthu inaima pakona. Munatsika bambo wa zikwama ziwiri. Anali ndi ndevu. Pachithunzi cha pakhoma atate analibe ndevu. Tisunge anabisala kuseri kwa amayi.

Bamboyo ananjuta pansi.

"Tisu, mwana wanga," anatero.

Mawuwo anali omwe aja a pafoni. Tisunge anathamanga. Atate anamunyamula m'mwamba.

M'nyumba, atate anaona keke patebulo. Anayang'ana kuseri kwa chitseko. Anayang'ananso keke. Anaseka. Anatenga jezi ija n'kuivala. Inawathina pamimba. Amayi anati ku Joni kuli chakudya ndithu.

Atate anatenga mpeni. Tisunge anatseka maso.

"Ketty, taona," anatero atate kwa amayi.

Tisunge anatsegula diso limodzi. Mizere inalimo. Woyera, wakuda. Woyera, wakuda. Koma mbali ina inali yokhotakhota.

"Apo ndinatakasa," anatero Tisunge motsitsa mawu. "Pepani, atate."

Atate anafunsa ngati supuni inali m'dzanja lake lomweli. Tisunge anagwedeza mutu kuvomera.

"Ndiye langa ndi gawo limeneli," anatero atate. "Mizere yowongoka ndili nayo kale pajezi."

Atate anadya gawo lokhotakhota. Anadyanso lina lokhotakhota. Amayi anadya lowongoka. Amayi anapatsira NaThabani lake pampanda.

Tisunge anadya lake atakhala pamiyendo ya atate. Chokoleti chinadetsa mzere umodzi woyera wa jezi. Atate sanapukute.

Zikwama ziwiri zija analowetsa kuchipinda. Tsiku lobwerera ku Joni atate sanalitchule. Tisunge sanafunse.