Rahima Wameza Phini

Rahima ankakhala ku Lizulu. Ankafuna kumanga yekha mpango wa kumutu.

"Ndakula ine," ankatero.

Tsiku lina anaima kuseri kwa shopu ya bambo ake. Manja onse anagwira mpango. Phini anaipana ndi milomo. Amayi ake ankachitanso choncho.

Kareem, mchimwene wake, ananyang'ama kumbuyo.

"Waaa!"

Rahima anadzidzimuka. Phini ija mezu!

"Amayi! Ndameza phini!"

Anthu a pamsika anadzadza pakhomo.

"Adye nthochi!" anatero wina.

"Ayi, amwe mafuta ophikira!" anatero wina.

Wina anatulutsa foni. Anayamba kujambula. Kale pa Lizulu anthu ankathamangira kukafuna galimoto. Masiku ano amathamangira kujambula.

Rahima anakwiya. Anakwiya kwambiri.

"Ine si sewero!" anakuwa.

"Chotsani foniyo, bambo inu!" anatero amayi. "Mwanayu sadya kanthu. Tikupita kuchipatala."

Ku Boma anamuunika m'mimba. Phini inaoneka. Inali yosongoka. Anamutumiza ku chipatala chachikulu.

Mu ambulansi Kareem ananong'oneza amayi.

"Kodi amung'amba mimba?"

Rahima anamva. Anagwira mimba yake. Anachita mantha. Anakwiyanso.

"Musandiyankhule inu achimwene!"

Dokotala anali mayi Esnath. Anamuonetsa Rahima kapaipi kakatali, kofewa.

"Taona kunsonga kuno," anatero. "Kuli kanyale. Kuli kakamera. Kuli kopanira kakang'ono."

"Mundidula?" anafunsa Rahima.

"Ayi, mwanawe. Kadzera kukamwa. Iwe ukhala uli mtulo."

Rahima anagona. Kapaipi kanatsika pang'onopang'ono. Dokotala ankayang'ana pa kanema. Phini ija iyo! Anaipana. Anaikoka bwinobwino. Inatuluka.

Rahima anadzuka. Anagwira mimba yake. Panalibe bala. Panalibe bandeji. Kukhosi kokha kunkanyerenyesa.

"Inenso ndasiya kuika phini pakamwa," anatero amayi.

Kareem anayandikira. Maso ake anali ofiira.

"Pepa, mlongo wanga. Sindidzachitanso."

"Ndikadali wokwiya," anatero Rahima.

"Mpaka liti?"

Rahima anaganiza. Anaganizanso.

"Mpaka tikafike pa Lizulu."

Amayi anaseka. Anawakumbatira onse awiri.

Mu minibasi Rahima anayang'ana kuwindo. Koma asanafike n'komwe, anatsamira paphewa la Kareem. Anagona.