Wezzie Akonza Malire a Bwalo

Wezzie amakhala ku Woolwich, kutsidya kwa nyanja. Iye amakonda besibolo, masewera omenya mpira ndi ndodo. Loweruka amasewera ndi anzake ku paki. Koma bwalo lawo linalibe malire.

Tsiku lina Wezzie anamenya mpira ndi ndodo. Pha! Mpira unagwera kutali.

"Faulo! Wagwera kunja!" anakuwa Adrian, mnzake.

"Ayi, wagwera mkati!" anatero Wezzie.

"Kunja!"

"Mkati!"

Anzawo anatopa ndi mkangano. Onse anapita kwawo.

Wezzie anatsala yekha. "Bwaloli likufunika mizere," anatero. "Ndiikonza ine."

Anatenga choko. Choko sichinalembe pa udzu.

Anatola timitengo. Anatindandalika bwinobwino. Galu anabwera. Galu anathawa nato!

Wezzie sanagwe mphwayi. Anathamangira kunyumba. Amayi ake anali atangofika kuchokera kuntchito kuchipatala.

"Amayi, ndithandizeni. Ndikufuna mizere iwiri yaitali."

"Ya chiyani, mwanangu?"

"Ya besibolo. Imayambira pamene womenya amaima. Wina umapita uku, wina uko. Mpira ukagwera pakati, womenya amathamanga. Ukagwera kunja, ndi faulo."

Amayi anatsegula sutikesi. Anatulutsa zitenje zakale. Amayi anadula. Wezzie anamanga. Amayi anadula. Wezzie anamanga. Zala zinawawa, koma sanasiye.

Loweruka linafika. Kunali kamphepo kozizira. Wezzie anayala zingwe za zitenje pa udzu. Mphepo inaziulutsa. Adrian anabwera ndi miyala. Anapsinja zingwe zonse. Mizere inaongoka!

Wezzie anagwira ndodo. Pha! Mpira unauluka. Unagwera pafupi ndi mzere. Ana onse anathamanga kukaona.

Wezzie anayang'anitsitsa. Mtima unamuwawa pang'ono.

"Wagwera kunja," anatero yekha. "Ndi faulo."

"Menyanso, Wezzie!" anatero Adrian.

Wezzie anaima bwino. Analuma mano. Phaa! Mpira unadutsa pakati penipeni.

"Mkati!" anakuwa ana onse.

Wezzie anathamanga. Anathamanga, anathamanga! Anazungulira bwalo lonse.

Amayi anali pa benchi, atavala jekete lalikulu. Anaimirira. Analulutira mokweza. Anthu a mu paki anacheuka.

"Amayi, anthu akutiyang'ana!" anaseka Wezzie.

"Ayang'ane!" anatero Amayi. Anamukumbatira. "Tsopano ndipatse ndodoyo. Nanenso ndimenyeko."