Mchenga wa Nsomba za Dingani

Nsombazo sizinkaoneka masana, ndipo Towera sanazikonde kuyambira tsiku loyamba. Kampani ya boma itagulitsidwa, antchito onse n'kuchotsedwa, mwamuna wake Dingani anafika kunyumba kukomboni ya George atasenza bokosi lagalasi la nsomba la mu ofesi ya bwana. Anzake anatenga mipando, koma iye, mwa nzeru zake, anasankha nsomba zosadyedwa, zandevu, zazitali ngati chala, zodya pansi ndi kudzikwirira. Poona kuti miyala ya m'bokosimo ikuzikala pamimba, tsiku lina anabwera ndi mchenga wosalala m'thumba la ufa, n'kuuyala pansi m'bokosimo.

Usiku umenewo magetsi anazima, kapampu ka mpweya kanaleka kulira, nyumba yonse inangoti zii. Kenaka mumdimamo munamveka kutsonya. Sanali khoswe, sanali malata. Kunali kutsonya kwa munthu wokhumudwa, kofanana ndendende ndi kwa malemu mayi ake a Towera, a Emelda, amene manda awo anali adakali opanda chiliza chifukwa ntchito inatha simenti isanagulidwe.

"Ba Dingani, mwamvela?" ananong'ona Towera.

"Ni nsomba chabe. Zimachita so zikamadya. Gona."

Kutacha, mwana wawo Taonga, amene ankagona pabalaza pafupi ndi galasilo, anadzuka thupi lili moto. Kuchipatala malungo sanawapeze. Pamzere wotunga madzi akazi anayamba kupatsana maso, ena n'kumati munthu wosagwira ntchito sangawete nsomba zobisala popanda chifukwa. Mwanayo anasiya kudya, ndipo usiku uliwonse kutsonya kunkakulirakulira.

Usiku wina Towera anayatsa kandulo. Anapeza Taonga atagwada, chipumi atachigunditsa pagalasi. Nsomba zonse zinali zitatuluka mumchenga, zili ndondondo patsogolo pake, ndevu zikugwedera pang'onopang'ono.

"Ambuya bakamba ati bamvela mphepo," anatero mwanayo osacheuka, kunena agogo ake aja. "Ati mwabavula bulangeti."

Towera anatembenukira mwamuna wake, amene anali ataima pakhomo la kuchipinda.

"Mchenga uja munautenga kuti?"

"Pa mulu uja tinasiya kumanda," anayankha Dingani motsitsa mawu. "Unali chabe khale. Nenze nizabweza."

Towera anamva mantha ndi mkwiyo nthawi imodzi, moti analephera ngakhale kulira. Mmawa iye ndi mwamuna wake anakokolola mchenga wonse n'kukwera nawo minibasi. Dingani, pofuna kuonetsa kuti walapa, anayamba wakhuthulira nsombazo m'ngalande yodzaza madzi a mvula, zinapita. Kumanda Dinganiyo anathira mchengawo pamulu, anagwada, napepesa monga mkamwini wolakwa.

Usiku umenewo kunalibe kutsonya. Thupi la Taonga linazizira, ndipo Towera anagona tulo koyamba.

Kutacha anakhazika mwanayo pampando kuti amusambitse. Pakati pa zala za kumapazi anapezapo mchenga wonyowa, wosalala, wosiyana ndi fumbi la m'komboni. Atagwira chipumi, anamva kutentha kukubwerera.

"Taonga, wenze kuti usiku?"

Mwanayo anamuyang'ana ndi maso ofooka, kenaka anatsonya, kutsonya kuja kwa munthu wamkulu.

"Bakamba ati siunakwane. Winangu uli mumimba mwa nsomba."