Chingwe Chopachika pa Msomali

Nthawi inali 6:50 m'mawa pamene Inspekitala, wapolisi amene imvi zinamumerera akufufuza milandu yakupha, anafika pafamupo. Mtembo wa mwini famu unali chafufumimba m'khola lachitatu, mutu utaphwanyika kunkhongo. Pakona panaima nkhunzi yofiira, yonenepa mpaka kunyezimira, magazi ali pachipumi. Loweruka imayenera kukapikisana ku chionetsero cha ng'ombe za mtundu.

"Yawagunda ndi imeneyi, bwana," anatero sajeni wake. "Tingolemba ngozi tizipita."

Inspekitala ankadana ndi milandu yofika itaphikidwa kale. Anazungulira kholalo kawiri, natuluka, nalowanso. Mtima sunkakhala pansi.

Pa 8:15 anakhala pabalaza ndi mkazi wa malemu.

"Dzulo anakangana ndi wogula ng'ombe wina," anatero mayiyo, maso ali psu. "Wogulayo amati mapepala a mtundu wa nkhunziyi ndi abodza. Anachoka akuopseza."

Wogulayo anamutengera kupolisi pa 10:30. Anali wapakamwa, koma m'mawa wonse anali kumsika wa ng'ombe, ndipo anthu khumi anamuona. Maola awiri anapita pachabe, Inspekitala nabwerera kufamu atakwiya.

Anapeza dokotala wa ziweto akuyeza nkhunzi ija.

"Malemu ankaiopa imeneyi," anatero dokotalayo. "Akafuna kulowa, ankayamba auza wophunzitsa ng'ombe zawo kuti aiveke chingwe cha kumutu, chimene timaiyendetsera."

"Nanga chingwecho chili kuti?"

Chinali pa msomali kunja kwa khola, chokulungidwa bwinobwino. Inspekitala anachitambasula. Mkati mwa mfundo munali magazi ouma.

"Munthu ali gone pansi, ndani angakumbuke kuvula ng'ombe chingwe?"

Dokotala anakanda kumutu. "Wophunzitsa yekha. Iwowa sasiya ng'ombe ndi chingwe. Chimadya ubweya pamphuno, ndiye oweruza a kuchionetsero amadula mamalikisi."

Wophunzitsayo anali mlamu wa malemu, mchimwene wa mayi aja. Pafamupo ankangomuti Achingwe. Pa 2 koloko anakhala m'chipinda chofunsira mafunso, zikhatho zake zokakala zili pathebulo.

"Ine ndinali kodula udzu, bwana. Ndinangomva kulira."

"Chingwe anavula ndani?"

"Kaya."

Inspekitala anaimirira, nayang'ana pawindo, nakhalanso. Kenako anatseka faelo.

"Chabwino, achimwene, ndi ngozi. Koma ng'ombe yopha munthu sitiisunga. Aiwombera 4 koloko."

Achingwe anadzambatuka pampando.

"Ayi, bwana. Ija siinagundepo ngakhale nkhuku."

"Ndiye magazi pachipumi?"

"Ndinaipaka ndine." Anaweramira pathebulo. "Ndinaiyamba ili kathole. Miyezi itatu kungoimanga pamtengo kuti izolowere chingwe, kenako kuyenda nayo pang'onopang'ono, kuisambitsa, kuipesa, kuiphunzitsa kuima miyendo ili yolingana. Zaka ziwiri, bwana. Lero alamu akubwera akuti Loweruka alowa nayo okha m'bwalo, ine zovala zanga n'zochititsa manyazi. Zimenezo ndinameza. Ndinaiveka chingwe n'kuwapatsa. Anaikoka ngati thumba, iyo n'kukana. Basi anatola paipi n'kuimenya pamphuno. Kachitatu ndinali nditagwira fosholo."

"Fosholoyo ili kuti?"

"M'dzenje la manyowa."

"Munainamizira, komabe munaivula chingwe."

"Manja anangochita okha. Ndikanaisiya bwanji chikuidya pamphuno?"

Inspekitala anamumvera chisoni, ndipo zinamunyansa kuti akumumvera chisoni, poti mlongo wa munthuyu anali atasanduka wamasiye. Analemba nthawi, 2:40, namuuza kuti wamangidwa pa mlandu wakupha. Sajeni anabwera ndi unyolo.

Pakhomo Achingwe anatembenuka.

"Saiwombera eti?"

"Saiwombera."

"Ndiye amene akayende nayo Loweruka mumuuze aziima kumanzere kwake, chingwe asakoke. Akangoiyankhula, iyenda yokha."