Bandeji pa Mwendo wa Rokhaya

Izi sindinachite kumva kwa munthu. Ndinali m'bwatomo ine mwini, pamodzi ndi amalume anga a Madické Paye, munthu amene sanama ngakhale pogulitsa nsomba. Mukawapeza ku Yarakh, kugombe kwathu, muwafunse, koma osati akudya.

Achemwali anga a Rokhaya akhala akusambira mpikisano wopita kuchilumba cha Gorée chiyambire utsikana wawo. Chaka chimene izi zinachitika, tayifodi inawagoneka m'chipatala mpaka miyendo inatsala ngati bango. Pabedi loyandikana nalo panali gogo wina wopanda womudikirira, mwendo wake ukuwola. Fungo lake linali ngati la nyama yoiwalika m'pulasitiki padzuwa, ndipo mpunga wa nsomba umene ndinkabweretsa unkabwerera osaulawa. Gogoyo ankangoti, "Mwanangu, ukachira udzanditengere kunyanja ndikatsuke mwendowu." Tsiku lina achemwali, atatseka mphuno ndi nsalu, anayankha kuti, "Chabwino agogo, gonani." Gogoyo anamwalira sabata yomweyo.

Achemwali atatuluka m'chipatala, adokotala anati za mpikisano adikire chaka chamawa. Koma achemwali anandiuza kuti, "Ousseynou, ndagona mokwanira. Ukakana kundiperekeza ndi bwato ndipita ndekha, ukafotokoze wekha kwa amayi."

Choncho tikangochoka kumzikiti m'bandakucha, iwo ankalowa m'madzi, ine ndi amalume tikupalasa pambali pawo. Poyamba ankatopa msanga.

"Iwe Rokhaya, ukusambira kapena ukuchapa zovala?" amalume ankawaseka.

M'mawa wina nyanja inali bata, kopanda mphepo. Tili kutali ndi mtunda, fungo linatipeza.

"Ousseynou, unadya chiyani dzulo?" anafunsa amalume.

"Si ine amalume."

Ndinalizindikira fungolo, linali la m'chipatala muja. Kenako ntchentche zinabwera, zikuluzikulu zobiriwira, pakati pa nyanja. Achemwali anagwira bwato akulavula.

"Madzi akutentha apa," anatero. "Ndipo akuterera ngati therere."

Titawakweza tinaona bandeji pa kakolo wawo. Inali yachikasu ndi mafinya, ndipo m'mapindo mwake munali mphutsi zamoyo, zikuyenda ngakhale zinachokera m'madzi amchere. Amalume anaidula ndi mpeni akuyang'ana kumbali.

"Ndi zinyalala za m'ngalande izi," ndinatero.

"Ngalande imamanga mfundo?" anandifunsa motsitsa mawu.

Achemwali anakhula mwendowo ndi sopo, ndi mandimu, mpaka khungu linasupuka. M'mawa mwake anatuluka m'madzi ali ndi bandeji ina, yomangidwa pabondo. Amalume anathira mkaka m'nyanja monga timachitira kwathu popepesa mizimu ya m'madzi, koma sizinathandize. Chakudya chilichonse ankachimva fungo la chilonda. Anthu m'basi ankawapatsa mpata. Ndinawachonderera kuti asiye.

"Kumtunda ndimangonunkha," anatero. "M'madzi ndimalemera ngati ndabereka munthu. Ndikasiya, anditsika liti?"

Tsiku la mpikisano kunali ng'oma, mabwato ndi osambira ambirimbiri. Dzuwa linali phwee. Pofika pakati, achemwali anayamba kutsalira. Osambira amene anali pafupi nawo anapatuka. Mnyamata wina anadzutsa mutu n'kusanza pomwepo.

Ndinayang'ana. Pamapewa a achemwali panali zala. Zowonda, zotuwa, zikhadabo zazitali. Kumbuyo kwa chipewa chawo chosambirira kunayandama imvi.

"Amalume..."

"Usaloze. Palasa."

"Tiwakweze, amira."

Achemwali anadzutsa nkhope, milomo itatuwa. "Musandikhudze," anatero. "Ndinavomera ndekha."

Anasambira. Mkono uku, mkono uku. Madzi a m'mbuyo mwawo ankasiya mzere wa mafuta achikasu. Ine ndinkapalasa nditaluma kolala ya malaya.

Anafika pamchenga wa Gorée ena onse atavala kale. Anakwawa, anasanza madzi amchere, kenako anagona chagada n'kuseka pang'ono.

"Watsika," anatero.

Mwendo wawo unali woyera. Ndinawanunkhiza ngati galu, ndipo ankangomveka mchere basi. Anadya mbale ziwiri za mpunga, n'kukwera sitima yobwerera ndi anzawo. Kuyambira tsikulo sanadwaleponso.

Ine ndi amalume tinayenera kubweza bwato. Iwo anakhala kutsogolo, ine pakati. Titangochoka pachilumba, bwatolo linazama kumbuyo, kumene kunalibe munthu. Thabwa la kumbuyo kwanga linalira. Kenako kunamveka kudontha. Tho. Tho. Tho.

Fungo lija linabweranso.

"Usacheuke," anatero amalume, iwonso osacheuka.

Ndinacheuka. Pathabwapo panalibe munthu. Ntchentche zinali zitatera, zambiri, zitaunjikana phee. Koma sizinatere pathabwa. Zinatera m'mwamba pang'ono, pamene pakadakhala bondo la munthu.

Bwatolo likadali pamchenga ku Yarakh. Tinalitsuka ndi phulusa, tinalipaka penti, tinaitana ashehe. Palibe msodzi amene amalifuna, ngakhale laulere. Mafunde akamabwera madzulo, limagwedezeka lokha kumbuyo, ngati wina akusuntha kuti akhale bwino.