Chisa cha Kuseri kwa Dambo

Marnie anamupeza pachipata cha famu ya bambo ake, galimoto itatitimira mumchenga wofiira.

"Akuluakulu, msewu wonsewu mwasankha pomwepa?"

"Ndimafuna wondipulumutsa wokongola," anatero mnyamatayo, akuthamangitsa ntchentche kumaso. Anali Fergus wa ku Adelaide. Anayenda masiku awiri kudzafuna kambalame kotuwa ka m'maudzu, kamene alendo ambiri amabwerera osakaona.

Masiku anayi anazungulira limodzi dambo louma. Kambalame osaoneka. Koma pofika tsiku lachitatu "inu" anali atatha.

"Duwa langa, ngakhale ndisakaone, ndaona kale chimene ndinabwerera."

Ndani anamutchulapo Marnie kuti duwa kuchipululu kuno, kumene oyandikana nawo ali pa mtunda wa maola atatu?

Chisa ankachidziwa. Koma lamulo la bambo ake linali limodzi: mlendo umamuonetsa dambo, chisa ayi.

"Sundikhulupirira?" Fergus anafunsa motsitsa mawu. "Ndikulumbira, zikhala za ife awiri mpaka imfa."

Anamutengera komweko. Pansi pa chitsamba, m'kachisa ka udzu, munali timazira tiwiri tamawangamawanga. Fergus anamupsompsona pachipumi, mawa lake n'kunyamuka.

Foni inkagwira pamwamba pa thanki ya madzi pokha, ndipo Marnie ankakwerapo katatu pa tsiku. "Ndakusowa, mtima wanga." "Ndibwera Lamlungu ndekha, chifukwa cha iwe." Lamlungu lenilenilo lifika liti?

Loweruka m'mawa, akupita kukayendera nkhosa, anaona fumbi kuseri kwa dambo. Magalimoto atatu. Anthu asanu ndi atatu atazungulira chitsamba chija ndi makamera, udzu wonse ataupondaponda. Pakati pawo Fergus, foni m'mwamba, ikulira ngati kambalame kaja. Timazira tija tinali titaswa, koma make tiana anali atasiya chisa, akudumphadumpha padzuwa, kufunafuna mdani amene kulibe.

"Fergus, zimitsa."

"Aa, Marnie! Anzanga, uyu ndi mwana wa eni famu." Kenaka chapansipansi: "Usandichititse manyazi, duwa. Mphindi khumi zokha."

"Mwayamba nthawi yanji?"

"Kusanatenthe," anayankha mayi wina wachipewa chachikulu, akumwetulira. "Ndi katswiri mnyamatayu. Akuti chisachi anachipeza yekha."

Marnie anagwada n'kusuzumira. Tiana tiwiri, tosamera nthenga. Kamodzi kanali kuyasamabe. Kena nyerere zinali zitakayamba kale.

Sanalire. Anapita kugalimoto yake n'kutenga wailesi yolankhulirana.

"Ababa, bwerani kudambo. Kuli anthu pachisa."



"Pachisa? Awaonetsa ndani, mwanawe?"

Anacheuka. Fergus anali atayatsanso foni.

"Ndine, ababa."