Sefa Itasiya Kudontha

Chimene telala anayamba kuchizindikira chinali chakuti m'nyumba munali zii. Chigulireni sefa ya madzi ija, usiku uliwonse ankagona akumva kudontha kwake kukhitchini: tho… tho… tho. Inali ndowa ya pulasitiki yokhala ndi kampopi m'munsi, ndipo pakamwa pake pankakhala mphika wadothi. Ukathira madzi a pachitsime mumphikamo, ankalowerera m'dothi pang'onopang'ono n'kumagwera m'ndowa ali mbee. Wogulitsa anamuuza kuti kuchedwako ndiye kusefako, ndiponso kuti asamazulezule mphikawo kapena kugwira kunsi kwake.

Anaigula chifukwa cha mwana wake wamkazi wazaka zitatu, yemwe m'mimba mwake simunkachedwa kutsekula. Inathandizadi. Masaya a mwanayo anabwerera, ndipo anayambanso kusokoneza amake pamakina osokera.

Koma usiku umenewo kudontha kunalibe, ndipo m'mawa anapeza mphika uli gwa, madzi onse atatsikira m'ndowa. Telala anakondwa, poti munthu wotanganidwa safunsa chinthu chikamufulumirira. Sipanapite nthawi, mwana anayambanso kutsekula.

M'nyumbamo ankakhala atatu, chifukwa mwamuna wake, dalaivala wa malole, ankatha milungu ali pamsewu. Wachitatu anali bambo a mwamunayo, omwe anthu ankawatchula kuti a Sipanala popeza anakalamba akukonza mipope ya madzi m'nyumba za anthu. Tsopano mutu wawo unali utayamba kutaya zinthu. Ankaswera pampando wa pakhonde ali duu, nthawi zambiri osazindikira aliyense kupatula mdzukulu wawoyo. Chikwama chawo cha zitsulo chinabisidwa pamwamba pa kabati kuchokera tsiku limene anamasula loko wa chitseko popanda chifukwa.

Kenako singano zinayamba kusowa. Sizinali zazing'ono ayi, koma zikuluzikulu zosokera nsalu zolimba, zimene telala ankazibaya pakatsamiro pambali pa makina. Lero imodzi, mawa ina. Anasesa, anakutumula zigamba zonse, osapeza kanthu.

Usiku wina, akusintha nsalu zimene mwana anaipitsira, anamva kaphokoso kukhitchini. Kwe… kwe… kwe. Kankabwera modekha, kakusiya, kakuyambanso, ngati khoswe amene akudziwa kuti eni nyumba sadzuka. M'mawa anatchera msampha. Usiku wotsatira msampha sunagwire kanthu, koma kaphokoso kanabweranso, ndipo ulendo uno pansi pake pankamveka kung'ung'udza kwa munthu. Telala sanadzuke kukaona. Anachita mantha, ndipo sanadzinamize kuti sakuopa. Anangofunda bulangete mpaka kunja kutayera.

Nkhani sichedwa kutuluka pakhomo. Mayi wogulitsa makala, yemwe nyumba yake inayang'anizana ndi zenera la kukhitchini, anamukokera pambali.

"Asisi, ine sindifuna kukuopsezani," ananong'ona, nkhope ikusonyeza kuti ndicho akufuna. "Koma kukhitchini kwanu kumayenda kamoto usiku. Ndiye mukuti singano zikusowa, mwana akuuma? Singano sizisowa chabe. Alipo amene akumusoka mwanayo."

Ena ankati nyumbayo inali ndi mbiri kale. Ena ankaloza telala yemweyo, amvekere makasitomala amuchulukira bwanji chaka chino.

Kuchipatala, nesi anatsina khungu la pamimba pa mwanayo, ndipo linachedwa kubwerera. Maso anali atalowa.

"Kunyumba mukumwa madzi otani, mayi?"

"Osefa."

"Ndiye penapake pali bodza. Mwanayu akapitirira chonchi, timutaya."

Usiku umenewo telala sanagone kuchipinda. Anakhala pansi mumdima, pakati pa makina ndi khoma, pomwe ankatha kuona khomo la kukhitchini, sizasi ili m'manja. Malata ankalira pozizira. Kutali galu anauwa n'kuleka. Kenako chitseko china chinatseguka mwakachetechete, masilipasi n'kuyamba kukhwekhwereza pasimenti. Kuwala kofiira kwa tochi yofooka mabatire kunadutsa pafupi ndi mapazi ake. Dzanja linatambasuka pamwamba pa mutu wake, n'kuzula singano pakatsamiro.

Anali a Sipanala. Ankayenda mowongoka, msana uli njo, ngati munthu amene waitanidwa kuntchito. Analuma tochi, anazula mphika m'ndowa, anaugadabuza pamaondo awo. Kunsi kwake kunali timabowo tambirimbiri. Anaika nsonga ya singano pamalo atsopano n'kuyamba kupotokola. Kwe… kwe… kwe.

"Bambo," anatero telala.

Sanadzidzimuke. Anachotsa tochi pakamwa n'kumwetulira.

"Pang'onopang'ono, apongozi, mudzutsa mwana," ananong'ona. "Inatsekeka iyi. Madzi akamadontha chonchija ndiye kuti penapake patsekeka. Mdzukulu wanga azidikira madzi usiku wonse ine ndili moyo? Ndatsala pang'ono kumaliza. Musadandaule, inu sindikulipiritsani."

Telala anayang'ana timabowo tija, anayang'ana nkhope yonyadirayo. Akanakhala munthu wina akanakuwa mpaka mzere wonse wa nyumba kudzuka. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anaika sizasi pansi, anawalanda singano mwaulemu, n'kuwaperekeza kukagona.

Mawa lake anawiritsa madzi akumwa, anakagula mphika wina, ndipo sefa yonse anaisamutsira kuchipinda kwake, pafupi ndi bedi. Singano anazitsekera m'kabati. Kwa wogulitsa makala sananene kanthu, ndipo mayiyo mpaka lero amakhulupirira zake. Mwana anayamba kusunga chakudya m'mimba, ndipo patapita masiku anapempha yekha mpira wake.

Usiku wina telala anakiya chitseko monga mwa masiku onse, nagona akumvetsera zinthu ziwiri zimene ankazikonda: kupuma kwa mwana wake, ndi tho… tho… tho wa pambali pa bedi. Tulo tinali titayamba kumutenga pamene masilipasi anakhwekhwereza m'khonde la m'kati. Anafika pachitseko chake n'kuima. Panapita nthawi yaitali, munthu akungomvetsera kunjako.

"Apongozi," anatero mawu aja motsitsa, mwachifundo. "Kukudontha uko."

Telala anakokera mwana pachifuwa pake, dzanja lina n'kugwira chivundikiro cha sefa. Kenako, modekha, mosafulumira, kanthu kachitsulo kanayamba kufufuza m'bowo la kiyi.